Sitandi yapakati kapena yampikisano: zimene dothi la ku Mua limalola

Njinga yamoto siima payokha. Ikazimitsidwa imafuna chitsulo choichirikiza, ndipo zitsulo zotere zilipo za mitundu itatu. Yodziwika ndi aliyense ndi sitandi yam'mbali, kamwendo kamodzi kakumanzere kamene woyendetsa amakatsitsa ndi chidendene asanatsike. Ina ndi sitandi yapakati, imene amakaniko ambiri amaitcha dabulo sitandi. Iyi ili ndi miyendo iwiri yomangidwa kunsi kwa felemu, ndipo imaimika njinga chilili n'kutukula tayala lakumbuyo kuti lisakhudze pansi. Yachitatu ndi sitandi yampikisano, imene m'masitolo a ku Johannesburg imagulitsidwa ndi dzina loti paddock stand kapena race stand. Iyi siyenda ndi njinga. Ndi chida chapachokha cha mapaipi opinda, chokhala ndi timatayala ndi chogwirira chachitali, chimene chimalowetsedwa kumbuyo kwa njinga pa nthawi yokonza yokha, ntchito ikatha n'kuchikoloweka kukhoma.

Sitandi yam'mbali ndi yongoimikira basi. Ziwiri zinazo ndi zogwirira ntchito, chifukwa zimapatsa tayala mpata wozungulira m'malere, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene mwini njinga kapena mwini galaja amayenera kusankha. M'chigwa cha kumunsi kwa boma la Dedza, kuyambira pa Golomoti kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, chisankhochi chimatsamira pa zinthu ziwiri: malo amene vuto limapezera njinga, ndi dothi limene sitandiyo idzaponda.

Njinga za m'chigwa ndi njira zake

Phula m'derali ndi lowerengeka. Pali msewu wa M5 wochokera cha ku Balaka kulowera ku Salima, umene umayenda moyandikana ndi njanji. Pali M10 wopatukira ku Monkey Bay ndi Mangochi. Palinso msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, wokwera kuchokera pa Golomoti kukatulukira pa Masasa, kumtunda cha ku Dedza. Tauni ya Dedza ili pamwamba ndi mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi gombe la nyanja, ndipo mbali yaikulu ya kukwera kumeneko ili pa msewu umenewu. Kupatula misewu itatuyi, kwina konse ndi fumbi: mchenga woya kumunsi kunyanja, makande akuda m'madambo a Bwanje amene amang'aluka m'chilimwe n'kusanduka phala m'dzinja, ndi miyala m'tsinde mwa mapiri kumene kuli mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902.

Njinga zimene zimapondaponda njira zimenezi zambiri ndi za kabaza. Ndi njinga zazing'ono za injini ya 100cc mpaka 150cc, monga Lifo, Sanlg ndi King Lion zochokera ku China, komanso Boxer ndi TVS zochokera ku India. Zimalemera makilogalamu pakati pa 100 ndi 130 zilibe katundu, koma si kawirikawiri kuziona zilibe katundu. Zimanyamula odwala opita kuchipatala cha Mua, matumba a mpunga wa kusikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, madengu a usipa, makala, ngakhale mbuzi yomangidwa pakeliyala. Zambiri mwa njinga zimenezi zimachoka kufakitale zili ndi masitandi awiri, yam'mbali ndi yapakati. Si mwangozi ayi. Injini zambiri za ku China za msinkhu umenewu zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 itapangidwira dala maiko amene njinga imagwira ntchito yakalavulagaga kutali ndi galaja. Njinga yotere inkayenera kukonzeka pansi pa mtengo ndi masipanala ochepa, ndipo sitandi yapakati inali mbali ya ganizo limenelo.

Gulu lina, locheperapo, ndi la njinga zazitali za m'tchire monga Yamaha DT, Yamaha AG ndi Honda XL, zimene alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akuyendera kwa zaka zambiri. Izi zilibe sitandi yapakati. Opanga anaichotsa dala kuti kunsi kwa njinga kukhale patali ndi miyala ndi zitsa. Yamaha AG, imene inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, ili ndi sitandi yam'mbali uku ndi uku kuti iime pamalo otsetsereka, koma palibe mwa ziwirizo yotukula tayala.

Mmene sitandi yapakati imagwirira ntchito

Njinga zamoto zakale, zisanakhale ndi mashoko kumbuyo, zinkaima ndi sitandi yomangidwa pa ekiselo ya tayala lakumbuyo, yofanana ndi ija ya njinga yakapalasa yakuda imene imatukula tayala mwini wake akamamata chubu. Mashoko atabwera, tayala lakumbuyo linayamba kukwera ndi kutsika palokha, ndipo sitandi inasamukira pafelemu, pafupi ndi pamene kulemera kwa njinga kumagawikana. N'chifukwa chake njinga ikakhala pa sitandi yapakati imatsamira pang'ono chabe pa tayala lakutsogolo. Munthu akakanikiza keliyala, kapena akasanjikapo thumba la mchenga, tayala lakutsogolo limatukuka ndipo lakumbuyo limatsika. Chitsulo chimodzi chimathandiza mbali zonse ziwiri.

Kukweza njinga pa sitandi imeneyi sikufuna mphamvu za m'manja, ngakhale ophunzira kumene ambiri amavutika nako mpaka msana kuwawa. Woyendetsa amayamba watsitsa katundu yense. Amaima kumanzere, dzanja lamanzere pahandulo, lamanja pa chitsulo cha keliyala. Ndi phazi lamanja amatsitsa sitandi mpaka itakhudza pansi, kenaka amaiwongola njinga pang'onopang'ono kufikira atamva kuti miyendo yonse iwiri yaponda. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa njinga yokwezedwa mwendo umodzi uli m'malere imagwera kumanja, kutali ndi mwini wake, kumene sangaigwire. Miyendo ikaponda, amaponda kachitsulo kotulukira kumbali ndi thupi lake lonse ngati akukwera sitepe, dzanja lamanja likungoperekeza m'mwamba ndi m'mbuyo. Njinga imabwerera m'mbuyo yokha n'kukhazikika. Poitsitsa amaonetsetsa kuti sitandi yam'mbali yapindidwa, amaikankhira kutsogolo, zala zili pa buleki.

Tayala lakumbuyo likaphwa, ntchitoyi imalimba, chifukwa njinga imakhala yatsika ndipo sitandi imakhudza pansi isanafike pomwe imayenera kuyambira. Amakaniko odziwa amayamba akweza tayala lakuphwalo pa kathabwa kapena pa mwala wophwatalala, kenaka n'kuponda sitandi. Vuto lina limadza kwa amene anasintha mashoko n'kuika aatali kuti njinga izipirira matumba, kapena anaika tayala lalikulu kuposa la kufakitale: njinga imakwera pa sitandi mosavuta koma tayala silichoka pansi. Pamenepo thabwa limaikidwa pansi pa sitandi.

Ubwino waukulu wa sitandi yapakati ndi woti imakhalapo pomwe vuto lachitikira. M'chigwa chino muli mitengo yaminga yambiri, ndipo minga ya mthethe siisankha malo. Matayala a njinga zambiri za kabaza ndi a chubu, kotero kumata kumafuna kutulutsa chubucho, nthawi zambiri kuchotseratu tayala. Mnyamata wa kabaza amene tayala lamuphwera pakati pa minda ya mpunga, ngati ali ndi sitandi yapakati, sipanala, zigamba ndi pampu, amakonza yekha n'kupitiriza ulendo. Amene alibe amagoneka njinga cham'mbali, petulo n'kumatayikira mumchenga, kapena amaikankha mtunda wautali padzuwa la Okutobala, tayala likuphwanyika ndi limu, chubu chikung'ambika pa valavu. Chigamba chimodzi chimene chikanakwanira chimasanduka chubu chatsopano, mwinanso tayala.

Palinso ntchito za mlungu ndi mlungu. Oilo wa injini, amene pa njinga zazing'onozi amakhala pafupifupi lita imodzi, amayezedwa njinga ili chilili pamalo osatsetsereka. Ikapendekeka pa sitandi yam'mbali oilo amaunjikana mbali imodzi ndipo choyezera chimanama. Kudzoza tcheni, kuyesa ngati buleki yakumbuyo ikukhuza, kumvetsera mabering'i, kuona ngati limu lapindika, kumanga masipoko omasuka: zonsezi zimafuna tayala lozungulira momasuka. Ndipo popeza sitandi yapakati imanyamula njinga pafelemu, mkono wonse umene umagwira tayala lakumbuyo umangolendewera wopanda cholemera. Izi zimalola makaniko kumasula mashoko onse awiri kapena kusintha mabushu a mkonowo popanda jeke. Pa njinga zimene zimasenza katundu wopyola muyeso tsiku ndi tsiku, mashoko ndi mabushu ndi zina mwa zinthu zimene zimatha msanga, choncho mwayi umenewu si wochepa.

Zofooka zake

Sitandi yapakati ili ndi zovuta zake, ndipo n'zimene zimachititsa ena kuichotsa. Imawonjezera makilogalamu awiri kapena atatu, koma chachikulu n'choti ndiyo imakhala chitsulo chotsikitsitsa kunsi kwa njinga. Njinga ikanyamula anthu awiri ndi thumba, mashoko amafinyika ndipo sitandi imayandikira pansi. Imagunda miyala m'njira za m'mphepete mwa phiri, imakhula pa mahampu ndi podutsa njanji, ndipo m'dzinja imakokolola matope a makande mpaka kunsi konse kudzaza. Pa makona akuthwa a Khwekhwerere, njinga yolemedwa ikapendekera kwambiri kumanzere, kachitsulo kopondera kaja kakhoza kukhudza phula. Kukhudza pang'ono kumangotulutsa phokoso ndi moto. Kukhudza mwamphamvu kumapepula tayala lakumbuyo, ndipo tayala lopepuka pakona limaterereka.

Komabe zambiri mwa zovutazi zimachokera ku sitandi yosasamalidwa. Chimene chimaigwira m'mwamba njinga ikamayenda ndi sipuling'i imodzi. Sipuling'iyo ikatopa kapena ikadya dzimbiri, sitandi imalendewera n'kumamenya pansi pa bampu iliyonse. M'masiteji ambiri a kabaza zimaoneka njinga zimene sitandi yake yamangidwa ndi mphira ya chubu chakale. Mphirayo imathandiza kufika kunyumba, koma si yokhalitsa: ili pafupi ndi ekizozi, kutentha kwa kuchigwa kumaifumbutsa, ndipo imaduka osachenjeza. Sipuling'i yatsopano ndi imodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa njinga yonse. Polumikizira sitandi ndi felemu pamafunanso girizi. Mchenga ndi madzi zikalowapo, bowo limakula kukhala lozungulira ngati dzira, sitandi imayamba kugwedera ndi kupitirira malire ake, mpaka matayala onse awiri amakhala pansi njinga ili pa sitandi.

Zizolowezi zina za pasiteji zimafulumizitsa kuwonongekaku. Kukhala kapena kugona pa njinga ili pa sitandi yapakati podikira makasitomala, kuliza injini ndi kiki ili pa sitandi, kukweza njinga pa sitandi matumba ali pakeliyala: zonsezi zimapinda miyendo ndi kung'amba timakutu ta felemu pamene sitandi imamangidwa. Timakutu timeneti tikang'ambika, wowotcherera ayenera kugwira felemu yeniyeni, pafupi ndi injini, ndipo kuwotcherera kwa mwamsangamsanga pamalo amenewo kumasiya felemu yofooka.

Chifukwa chimene sitandi yothyoka imakhalira miyezi osakonzedwa n'chomveka. Anyamata ambiri a kabaza amayendetsa njinga za eni ake ndipo madzulo aliwonse amayenera kupereka ndalama yomwe anagwirizana. Chimene chimakonzedwa msanga ndi chimene chaimitsa njinga: pulagi, tcheni, kebulo ya kilachi. Sitandi siimitsa njinga, choncho imadikira, ndipo pamapeto pake imamasulidwa n'kuponyedwa pa mulu wa zitsulo. Apa mwini njinga ndi amene amaluza kwambiri, chifukwa njinga yopanda sitandi yapakati imayezedwa oilo mwa apo ndi apo, ndipo tcheni chake chimadzozedwa mwa chigamba, pomwe dzanja lafika.

Kumene sitandi yampikisano inachokera

Njinga za mpikisano wa pa phula siziloledwa kukhala ndi sitandi iliyonse. Malamulo amalamula kuti zichotsedwe, chifukwa njinga ya MotoGP, mpikisano wa dziko lonse umene unayamba mu 1949, imapendekera mpaka kupyola madigiri 60 pakona, ndipo chitsulo chilichonse cholendewera chingaphe munthu. Kulemera nakonso kumawerengedwa mosamala: njinga ya MotoGP siloledwa kutsika pa makilogalamu 157, ndipo opanga amayesetsa kuti isapitirire pamenepo. Njinga yotere ikabwerera kumalo okonzera, makaniko amakhala akuidikira ndi sitandi m'manja. Amaikweza kumbuyo ndi kutsogolo, amasintha matayala m'kanthawi kochepa, kapena amawakulunga m'mabulangete a magetsi kuti asazizire. Anthu a kum'mwera kwa Africa anazionera pafupi zimenezi ku Kyalami, komanso ku Phakisa ku Welkom, kumene mpikisanowu unkachitikira kuyambira 1999 mpaka 2004. Brad Binder wa ku South Africa anapambana mpikisano wa MotoGP ku Brno mu 2020 pa njinga ya KTM imene sikanatha kuima yokha ngakhale mphindi imodzi.

Kuchokera kumabwalo a mpikisano, chidachi chinafalikira kwa eni njinga zothamanga za mumsewu, zimene zambiri zimagulitsidwa ndi sitandi yam'mbali yokha. Kapangidwe kake n'kosavuta. Paipi imapindidwa ngati chilembo cha U, kunsi kwake kuli timatayala, ndipo nsonga zake ziwiri zimagwira mkono wa tayala lakumbuyo mbali zonse. Masitandi ena ali ndi mphanda zimene zimakola timabawuti tapadera tomangidwa pa mkonowo. Ena ali ndi timbale tokutidwa ndi mphira timene timalowa kunsi kwa mkono. Makaniko akakanikiza chogwirira pansi, nsongazo zimakwera, timatayala timalowa kunsi kwa njinga, ndipo kulemera kwa njingayo kumaitsekera pamalo ake. Yakutsogolo ndi ina yapadera, yogwira kunsi kwa mafoloko kapena pakhosi pa felemu, ndipo sigwiritsidwa ntchito yakumbuyo isanaikidwe.

Pa simenti yosalala sitandi yampikisano imaposa yapakati pa kukhazikika. Miyendo yake ndi yotalikirana kwambiri, kotero makaniko akhoza kukoka nati ya ekiselo kapena ya sipuloketi ndi mphamvu zake zonse njinga osagwedera. Imatukula tayala m'mwamba ndithu, kusiya malo okwanira kulitulutsa. Siwonjezera kanthu pa njinga, ndipo sitandi imodzi yosinthika m'lifupi imathandiza njinga zambirimbiri. Koma imanyamula njinga pa mkono wa tayala, ndiye kuti mashoko amakhala akusenzabe. Womasula mashoko njinga ili pa sitandi yotere amaiona ikukhala pansi nthawi yomweyo. Kuikweza wekha kumafunanso kuzolowera, chifukwa pamakhala kamphindi kamene njinga yachoka pa sitandi yam'mbali koma sinakhazikike pa inayo, munthu ali kumbuyo, dzanja limodzi pa mpando. Poyamba ndi bwino wina agwire mahandulo.

Njinga za kabaza zili ndi vuto linanso. Mkono wa tayala lake ndi wopyapyala, ndipo m'mbali mwake mwadzaza zinthu: nsonga za mashoko awiri, kandodo ka buleki ya dilamu, chitsulo chogwira mbale ya buleki, ekizozi yaitali kumanja ndi chikuto cha tcheni kumanzere. Timabawuti tokolapo mphanda palibe. Sitandi yogulidwa kunja, yopangidwira njinga zazikulu, kawirikawiri imakhala yotakata mopyola ndipo imasowa pogwira.

Nkhani ya tcheni

Pa kumanga tcheni ndi pamene kusiyana kwa masitandi awiriwa kumabisala, ndipo amakaniko achinyamata ambiri amalakwitsa pomwepa. Tcheni sichikhala chomangika chimodzimodzi nthawi zonse. Mkono wa tayala ukalendewera, monga zimakhalira pa sitandi yapakati, tcheni chimakhala chomasuka. Njinga ikatsika pansi n'kukwerapo anthu, mkonowo umakwera, sipuloketi yakumbuyo imatalikirana pang'ono ndi yakutsogolo, ndipo tcheni chimakungika. Makaniko akachimanga kwambiri njinga ili pa sitandi yapakati, pofuna kuti chisamalire, ndiye kuti njingayo ikanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, tcheni chimauma gwa. Pa bampu iliyonse chimakoka shafiti yotuluka mu giyabokosi, chimadya mano a masipuloketi, chimawononga bering'i ndi silo ya pa shafitiyo, ndipo tsiku lina chimaduka pokwera phiri.

Mabuku a njinga zazing'ono zambiri amati tcheni chizisewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pa masipuloketi awiri, ndipo amanena ngati muyesowo utengedwe njinga ili pa sitandi kapena ili pansi. Pa sitandi yampikisano mashoko amakhala atasenza kulemera kwa njinga, choncho muyeso wake umayandikira wa njinga yoima pansi. Umenewu ndi ubwino weniweni, koma sulowa m'malo mwa chizolowezi chosavuta chimene makaniko aliyense angachite: akatha kumanga, atsitse njinga, akhazikepo anthu awiri, ayesenso ndi chala ngati tcheni chikusewerabe. Ayeneranso kuzungulitsa tayala ndi kuyesa malo angapo, chifukwa tcheni chakutha chimamangika pena n'kumasuka pena, ndipo muyeso umatengedwa pomwe chamangika kwambiri.

Pa sitandi iliyonse mwa ziwirizi pali ngozi imodzi imene yadula zala za anthu m'maiko ambiri. Tayala likakhala m'malere, munthu amakopeka kuliza injini, kulowetsa giya, kuti tcheni chizizungulira chokha iye akuchipukuta ndi kansanza. Kansanzako kakakodwa, kamakokera zala pakati pa tcheni ndi sipuloketi m'kuphethira kwa diso. Tcheni chimatsukidwa ndi kudzozedwa injini ili yozima, tayala likuzunguliridwa ndi dzanja.

Dothi ndilo limagamula

Chida chilichonse mwa izi chinapangidwa moganizira pansi polimba, ndipo pansi polimba m'chigwa chino ndi posowa. Magalaja ambiri a njinga pa Golomoti ndi pa Mtakataka ndi kashedi ka malata kapena mthunzi wa mtengo, pansi pali dothi losakanikirana ndi oilo wakale. Timatayala ta sitandi yampikisano timayenera kugudubuzika kuti njinga ikwere. Mumchenga timatitimira, pa nthaka ya mabampu kamodzi kamagudubuzika kena n'kukanirira, ndipo njinga imapotoka ili m'malere. Popanda simenti kapena thabwa lalikulu lochindikala, sitandi imeneyi ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo.

Sitandi yapakati nayo imatitimira, koma vuto lake lili ndi mankhwala apafupi. Mapazi ake ndi aang'ono, ndipo pa mchenga kapena pa makande onyowa phazi limodzi limalowa msanga kuposa linzake. Njinga imaima bwinobwino kwa mphindi zingapo kenaka n'kugwa mwini wake atapita kukagula madzi. Ngakhale phula limafewa masana a mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha m'chigwa kumapyola madigiri 35, ndipo mapazi a sitandi amasiya timaenje. Kathabwa kotalika ngati mkono, kapena kachitsulo kophwatalala komangidwa pansi pa keliyala pamodzi ndi pampu, kamathetsa vutoli kulikonse. Ena amawotcherera tizitsulo tokulirapo kumapazi a sitandi, zimene zimathandiza bola tisatulukire kumbali mpaka kukhudza pansi pakona. Pongoimika njinga pamalo ofewa kapena otsetsereka, sitandi yam'mbali yopondetsedwa pa mwala, njinga ili mu giya ndipo yayang'ana kumtunda, ndi yodalirika kuposa yapakati, chifukwa matayala onse awiri amakhala akugwira pansi.

Woyenera chiti

Kwa woyendetsa kabaza ndi aliyense amene njinga yake imagona kumudzi, yankho n'loonekeratu. Sitandi yapakati isachotsedwe, ndipo ikathyoka ibwezeretsedwe. Ngati ikukhula pansi, choyamba kuyang'ana ndi sipuling'i, kamphira koimitsira, mashoko otopa ndi kuchuluka kwa katundu. Wogula njinga yogwirapo kale ntchito ayeneranso kusuzumira kunsi, chifukwa timakutu tong'ambika kapena towotchereredwa mobwerezabwereza timafotokoza mmene njingayo yakhala ikusenzera. Alendo a pa njinga zikuluzikulu amene amadutsa pa M5 n'kuima ku Kungoni Centre, malo a chikhalidwe ndi zosemasema amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua mu 1976, amaganiza chimodzimodzi. BMW R 1250 GS imalemera pafupifupi makilogalamu 250, ndipo mitundu ina ya njinga zotere imagulitsidwa yopanda sitandi yapakati, koma ambiri oyenda maulendo aatali amaigula padera n'kuimangitsa asananyamuke, podziwa kuti sitandi ya m'galaja singakwere nawo.

Sitandi yampikisano ndi ya mwini galaja, ndipo iyenera kubwera pambuyo pa simenti. Makaniko amene wathira kasilabu kokwana njinga imodzi amapindula nayo tsiku lililonse, chifukwa njinga zambiri zimene zimamufikira zinataya kale sitandi yapakati, ndipo njira imene ilipo ndi yosanjika njerwa kunsi kwa injini kapena kupempha anyamata awiri kuti anyamule kumbuyo. Njerwa zowotcha zimaphwanyika zikasenza, ndipo zimatero nthawi imene tayala lachotsedwa ndipo manja a makaniko ali mkati.

Kwa njinga zazitali za alangizi, chida choyenera kwambiri ndi chimene okwera njinga za mpikisano wa m'matope amagwiritsa ntchito: kampando kolimba kachitsulo kapena kamatabwa, kokhala ndi mphira pamwamba, kamene kamalowa kunsi kwa felemu. Njinga zimenezi kunsi kwake n'kwafulati ndipo n'kotetezedwa ndi mbale yachitsulo, choncho zimakhala bwino pa kampandoko matayala onse awiri atapepuka. Kampandoka kalibe timatayala, kotero kamagwira ntchito ngakhale pa dothi, ndipo kalipentala kapena wowotcherera aliyense angakapange atayeza kutalika kwa kunsi kwa njinga n'kuwonjezerapo masentimita ochepa.

Sitandi yampikisano nayo siyofunika kuiitanitsa kunja. Owotcherera amene amapanga mafelemu a zitseko ndi ngolo pa misika ya m'derali angathe kuipanga, ndipo yopangidwa poyeza Lifo kapena Boxer yeniyeni imakwana bwino kuposa yogula. Paipi ikhale yochindikala, osati ya mipando. Timbale togwira mkono wa tayala tikhale totha kusendezedwa mkati ndi kunja, tomangidwa ndi bawuti, ndipo tikutidwe ndi mphira ya tayala lakale kuti chitsulo chisaterereke pa chitsulo chinzake. Mabering'i akuluakulu akutha a galimoto amagwira ntchito ya timatayala pa simenti. Msinkhu wake ukhale woti tayala lichoke pansi masentimita atatu mpaka asanu, chifukwa kupitirira apo kumangolemetsa pokweza. Chofunika koposa ndi malo a timbale: chogwirira chikafika pansi, timbale tiyenera kukhala titapitirira pang'ono mzere wa timatayala kulowera kumene kuli chogwiriracho, kuti kulemera kwa njinga kuzikanikiza chogwirira pansi. Zikapanda kutero, chogwirira chimadzuka chokha ndipo njinga imatsika mwadzidzidzi. Sitandi yatsopano imayesedwa koyamba ndi njinga imene matayala ake onse ali pamalo, munthu wina atagwira mahandulo, ndipo imagwedezedwa mwamphamvu mbali zonse makaniko asanamasule nati iliyonse.